Njinga zamagetsi pa kabaza muno mu Lilongwe: zingapirire ntchito ya tsiku lonse?

Wapampando_A25

Moni nonse. Ndikulemba m'malo mwa gulu lathu la kabaza pa siteji ina ku Area 25. Tasonkha ndalama zogulira njinga ziwiri, ndipo anyamata ena akuti ulendo uno tisagule za petulo, tiyese zamagetsi. Chifukwa chake mukuchidziwa: mafuta akasowa tsiku limathera pamzere, ndipo a m'zigubu amadya phindu lonse. Njinga iliyonse imayenda makilomita pafupifupi 100 patsiku, yambiri m'misewu ya fumbi, nthawi zina kukafika ku Kanengo kapena Area 18. Batire loti likwanitse zimenezi ndi lotani? Nanga ndi kuzimazima kwa magetsiku tizitchaja bwanji? Mvula ikayamba sizititayitsa ndalama? Amene mumazidziwa tithandizeni ndi manambala enieni chonde, zotsatsa malonda tamva kale zambiri.

Amisiri_Kawale

A Wapampando, mwafunsa bwino poyambira pa batire, chifukwa pa njinga yamagetsi ndalama yambiri yagona pamenepo.

Pa batire lililonse pamalembedwa manambala awiri, ma V (mphamvu yokankhira magetsi) ndi ma Ah (kuchuluka kwa magetsi amene batire limasunga). Muwachulukitse. Batire la 72V 40Ah likupatsani 2,880, ndipo mukagawa ndi 1,000 ndi mayunitsi 2.9, omwewo timagula pa mita ya ESCOM. Njinga yonyamula munthu kumbuyo, yoyenda liwiro la 40 mpaka 50, imadya pafupifupi yuniti imodzi pa makilomita 25 alionse. Ndiye simuyenera kulikama batire mpaka kutheratu; muziwerengera 80 peresenti yokha, yomwe ndi mayunitsi 2.3. Amenewo ndi makilomita 55 mpaka 60 basi. Wogulitsa akakuuzani kuti batire lomweli limayenda makilomita 100, dziwani kuti anayesa ndi munthu mmodzi wopepuka, pa tara wosalala, akuyenda pang'onopang'ono. Pa fumbi, pa mchenga, kapena matayala akakhala ndi mpweya wochepa, ngakhale 55 yomweyo siikwana.

Choncho pa makilomita 100 anuwo njira zilipo ziwiri. Mungagule batire lalikulu la 60Ah, loyenda makilomita ngati 85, n'kumalitchajanso ola limodzi kapena awiri masana. Kapena njinga iliyonse ikhale ndi mabatire awiri a 40Ah ochotseka, lina lili pamsewu lina lili pa tchaja. Ine ndikusankhirani yachiwiriyi. Wa kabaza sangaime maola anayi kudikira batire, ndipo magetsi akazima masana muli nalo lina lodzaza kale.

Mtundu wa batire ndi nkhani yaikulu kuposa mtundu wa njinga. Alipo atatu pamsika. A asidi aja, asanu ndi limodzi a 12V olumikizidwa pamodzi, ndi otchipa koma olemera kwambiri, ndipo akatchajidwa maulendo 300 kapena 400 atha. Pa kabaza ndiye kuti chaka sichikwana. Asiyeni. A lithium alipo a NMC ndi a LFP, ena amalemba LiFePO4. NMC ndi lopepuka, koma limaopa kutentha ndipo nthawi zambiri limafooka likadutsa maulendo 800 kapena 1,000. LFP ndi lolemererako, la 40Ah limafika makilogalamu ngati 25, koma limapitirira maulendo 2,000 ndipo siligwira moto msanga. Kwa nyengo yathu ya Okutobala ndi Novembala, LFP ndiye loyenera.

Apa ndiye pamene ambiri amaonongera: tchaja za mitundu iwiriyi zimaoneka zofanana, pulagi yake nthawi zina imodzimodzi, koma sizisinthanitsidwa. Batire la NMC la maselo 20 (timabatire ting'onoting'ono ta m'kati mwake) limadzaza pa 84V. La LFP la maselo 24 limadzaza pa 87.6V. Mukalumikiza tchaja ya 87.6V pa NMC, selo lililonse likukankhidwira pafupifupi 4.4V pomwe malire ake ndi 4.2V. Chimene chikutetezani pamenepo ndi BMS yokha, kabolodi ka m'kati mwa batire koyang'anira selo lililonse, ndipo kakakhala kachabechabe ndiye moto. Lembani ndi penti pa tchaja iliyonse kuti ndi ya batire liti, ndipo musabwereke ya mnzanu.

Za phindu, werengani nokha ndi mitengo ya lero ya MERA. Makilomita 100 pa njinga ya 125 kapena 150cc ndi malita awiri ndi theka mpaka atatu. Pa yamagetsi ndi mayunitsi anayi, kuphatikiza otayika mu tchaja akhale anayi ndi theka kapena asanu. Kusiyana kwake mukuona, ndipo palibe oyilo wa injini kapena pulagi yosintha. Koma ndalama yotsalayo si yonse yanu. Tengani mtengo wa batire latsopano, muugawe ndi masiku 1,200, omwe ndi zaka zinayi za ntchito, ndipo ndalama imeneyo izipita ku thumba la gulu tsiku lililonse tageti isanagawidwe. Popeza batire limagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo tinaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengowo muziuunikanso miyezi ingapo iliyonse.

Nachisale_Sola

A Amisiri alongosola bwino. Ine ndionjeze za kotchajira, chifukwa batire labwino limafera pa soketi yoipa.

Tchaja ya 10A imakoka pafupifupi kilowati imodzi pakhoma, ndipo batire la 40Ah limadzaza m'maola anayi. Si katundu wamkulu, ayironi imakoka zoposa pamenepo. Kusiyana kwake n'kwakuti ayironi imazima n'kuyaka, pomwe tchaja imakoka mosalekeza kwa maola anayi. Ma extension otchipa a pamsika aja waya wake ndi wopyapyala. Amatentha, pulasitiki n'kufewa, mano a pulagi n'kuda. Itanani wa magetsi wovomerezeka akukokereni mzere wakewake kuchokera pa bokosi la mabuleka, waya wa 2.5mm, buleka ya 20A, ndi earth leakage (chodula magetsi akayamba kuthawira pansi) ya 30mA. Tchaja iliyonse ikhale ndi soketi yake. Ayesenso ngati earth ya nyumbayo ilipodi, chifukwa nyumba zambiri za m'malokeshoni waya wachitatu uja sapita kulikonse.

Chimene chimapha matchaja si kuzima kwa magetsi ayi, koma kubwera kwake. Akamayaka amabwera modumpha, kapena amabwera ofooka n'kumakwera ndi kutsika. Ikani chotetezera chonga chomwe timaika pa filiji, chodikira mphindi zitatu kapena zisanu chisanalole magetsi kudutsa, koma onani kuti chalembedwa 13A, osati cha 5A.

Za kuzimazima, pamenepa ndi pomwe mabatire awiri aja amapulumutsa. Pa maola 24 mukufunika maola asanu ndi atatu okha a magetsi pa njinga iliyonse, ndipo mukagula tchaja ziwiri pa njinga, mabatire onse amadzazira limodzi m'maola anayi usiku. Ngati mukufuna sola, masamu ake ndi awa. Muno mu Lilongwe panelo ya 550W imapereka mayunitsi ngati awiri patsiku la dzuwa labwino, zotayika zitachotsedwa kale. Njinga ziwiri zikufuna mayunitsi 9 kapena 10. Amenewo ndi mapanelo asanu, asanu ndi limodzi kuti Januwale ndi Febuluwale musavutike kwambiri, ndi inveta ya 3kW ya pure sine wave. Sankhani ya hybrid, yotha kuphatikiza dzuwa ndi ESCOM. Inveta yodalira dzuwa lokha popanda batire lakelake imazima mtambo ukangodutsa, ndipo tchaja imangoyamba n'kusiya, zomwe sizabwino. Mapanelo muziwapukuta sabata iliyonse m'chilimwe. Fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala limadya mphamvu ndithu.

Ndikupemphani kwambiri pa malo otchajira. Asakhale m'chipinda chogona, asakhale pakhomo potulukira, asakhale pafupi ndi zigubu za petulo za njinga zinazo. Pansi pakhale simenti, mphepo izidutsa. Kashedi ka malata kotseka masana a Okutobala kamatentha kupitirira madigiri 45, pomwe batire la lithium siliyenera kutchajidwa. Batire likangochoka pamsewu lipume theka la ola lisanalumikizidwe. Mukaona latupa, likununkha zachilendo, kapena likutentha mosagwirika, zimitsani pakhoma, mulitulutse panja pa dothi kutali ndi nyumba, ndipo lisabwererenso pa njinga. Kachozimitsira moto ka ufa kaja kamazimitsa malawi okha, koma m'kati maselo amapitiriza kutentha. Chomwe chimathandiza ndi madzi ambiri, mutachotsa kaye ku magetsi, anthu ataima patali chifukwa utsi wake ndi woipa.

Chinanso, mukayamba kutchajira anthu ena pa mtengo, imeneyo ndi bizinesi, ndipo ESCOM ili ndi mtengo wa m'nyumba ndi wa malonda wosiyana. Muwerengeretu zimenezo.

Makaniko_Biwi

Achimwene, anzangawa akamba za batire, koma njinga imene ikufa m'dzinja nthawi zambiri batire lake limakhala lili bwinobwino. Imafa mota, controller (kabokosi kolamulira magetsi opita ku mota) ndi mawaya.

Mota zilipo za mitundu iwiri. Ina imakhala m'kati mwa gudumu lakumbuyo. Ina imakhala pakati, pamene pamakhala injini, n'kuyendetsa gudumu ndi tcheni. Ya m'gudumu ndi yotchipa ndipo ilibe tcheni, pa tara wa ku City Centre ndi yabwino. Koma misewu yanu ya ku 25 ija ayi. Gudumu lake ndi lolemera, likamenya dzenje masipoko amaduka kapena rimu imang'aluka. Mawaya ake amatulukira m'kati mwa ekiselo, ndiye nati ikangomasuka pang'ono ekiselo imazungulira n'kudula mawayawo. Ngakhale kumata tayala loboka kumakhala ntchito, chifukwa womata wa pamsewu akakoka gudumu osamasula kaye mawaya, wakuonongerani. Pa kabaza tengani ya pakati, ya tcheni cha 428, chimene chimapezeka m'mashopu a zipangizo za njinga ku Malangalanga ndi kwina konse pamodzi ndi masipuroketi ake. Dziwani chabe kuti mota yamagetsi imakoka mwamphamvu pongonyamuka, choncho tcheni chimatha msanga kuposa pa ya petulo. Chizikhala ndi mpata wa masentimita awiri kapena atatu, ndipo m'fumbi muzichitsuka ndi kuthira oyilo kawirikawiri.

Funsani mphamvu ya mota imene imatha kugwira mosalekeza, osati ya kanthawi kochepa imene amakonda kulemba pa chikwangwani. Yonyamula munthu ndi katundu isachepere 3,000W. Lilongwe alibe zitunda ngati za Blantyre, zimenezo zikutikomera, komabe matumba awiri a chimanga pa mtunda wautali njinga ikukwawa ndi zomwe zimaotcha controller: magetsi ambiri akudutsa, mphepo yoziziritsa palibe.

Matenda ake ndi odziwika. Mukayatsa, pa dashibodi payaka koma njinga siikusuntha: yambani mwaona kaswitchi ka pa buleki. Kamauza mota kuti iime mukagwira buleki, ndipo matope akakamata kamakhala ngati mwagwirabe. Kakakhala bwino, yesani throttle (chopotokola cha liwiro) ndi multimeter (kamita koyezera magetsi): waya wa uthenga uzionetsa pafupifupi 0.8V musanapotokole, n'kukwera mpaka 4.2V. Njinga ikamanjenjemera, kulira mokhosomola, kapena kufuna kukankhidwa kuti inyamuke, ndi ma Hall sensor, amene amauza controller pamene mota yafika pozungulira. Alipo atatu m'kati mwa mota. Muyese waya uliwonse mwa atatuwo uku mukuzunguza gudumu pang'onopang'ono ndi dzanja. Uzisinthasintha pakati pa 0 ndi 5V, ndipo umene waima malo amodzi ndiwo wafa. Kachipangizo kake ndi kotchipa, koma osadziwa amakugulitsani mota yonse. Nyali ndi hutala zikafa njinga ikuyenda, ndi DC-DC converter, kabokosi kotsitsa 72V kukhala 12V. Ikamazima pa chitunda n'kuyakanso mukazimitsa ndi kuyatsa kiyi, BMS ikudula chifukwa selo limodzi lafooka kapena polumikizira batire papsa. Tsegulani muone ngati mano ake ada.

Za mvula. Mvula yogwa kuchokera kumwamba siivuta ngati mota ndi batire zalembedwa IP67, chizindikiro choti fumbi ndi madzi sizilowa msanga. Chovuta ndi zithaphwi ndi madzi osefukira m'makwalala. Lamulo likhale loti madzi akafika pa ekiselo, bwererani. Mota ikatentha n'kumira m'madzi ozizira imayamwa madziwo kudzera m'ma seal, ndipo siifa tsiku lomwelo. Imafa patapita masabata, dzimbiri litadya ma bearing ndi ma sensor. Chachiwiri ndi makina opopera madzi mwamphamvu a ku car wash. Auzeni anyamata kuti njinga izi zimatsukidwa ndi ndowa ndi nsanza, batire litachotsedwa. Mvula isanayambe mu Novembala, masulani polumikizira ponse, mupake girisi wa magetsi, mukweze mawaya onse olendewera.

Ndipo musaipeputse poti ilibe petulo. Magetsi a 72 mpaka 88V amatha kuvulaza, ndipo sipanala ikakhudza mbali zonse ziwiri za batire imasungunuka m'manja. Vulani mphete ndi wotchi, zimitsani buleka, chotsani batire, dikirani mphindi zingapo controller ithe mphamvu. Mukapita nayo kowotcherera, batire ndi controller zichoke kaye.

Poitanitsa njingazo itanitsiranitu controller imodzi, throttle ziwiri, ma Hall sensor, converter imodzi, tchaja yapadera ndi mafyuzi. Kudikira kachipangizo kamodzi kuchokera kunja kungaimitse njinga miyezi iwiri.

Nabanda_Mapulani

Ndalowerera ngakhale funso lanu ndi la njinga ziwiri, chifukwa zomwe mukuganizazi zikukhudza mzinda wonse.

Petulo aliyense wotenthedwa muno amabwera pa thanki kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, wolipiridwa ndi ndalama zakunja zomwe tikusowa. Magetsi athu ambiri amachokera mu Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kuphatikiza sola ya 60MW ya ku Salima ndi ya 20MW ya ku Golomoti. Tiyerekeze njinga 1,000 za kabaza zasintha. Pa masamu a a Amisiri, ndi malita 2,500 mpaka 3,000 osagulidwa tsiku lililonse, pafupifupi thanki yathunthu pa masabata awiri. Zonse zitatchajidwa nthawi imodzi zingakoke megawati imodzi yokha, pomwe Kapichira yekha ndi wa pafupifupi 130. Choncho amene amati magetsi athu sangakwanitse njinga akulakwitsa. Vuto lili pa nthawi ndi malo: madzulo kuyambira 5 mpaka 9 koloko aliyense akuphika, ndipo thiransifoma ya m'dera imakhala yalemedwa kale. Muzitchaja masana kapena usiku kwambiri. Komanso sitinaiwale 2022, pamene namondwe Ana anaononga Kapichira mu Januwale, dziko n'kukhala mu mdima miyezi yambiri. Kwa ine sola ya Mayi Nachisale si yapamwamba, ndi yofunika kuikonzekera ngakhale muyambe opanda.

Pamene ndimasiyana ndi ambiri ndi pa magalimoto. Nissan Leaf yakale yochokera ku Japan ndi yabwino kwa mwini wake woyenda kuchokera ku Area 47 kupita ku Capital Hill, koma pa mzere wa magalimoto wa m'mawa pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe imatenga malo omwewo ngati ya petulo, itanyamula munthu mmodzi. Mzinda uno ndi wotambalala, madera ali kutalikutali, ndipo anthu ambiri amayenda wapansi, pa njinga ndi pa minibasi. Phindu lenileni lili pa zoyenda tsiku lonse zitanyamula anthu: kabaza, njinga za magudumu atatu, ndipo pambuyo pake minibasi za njira imodzi yodziwika ngati ya ku depoti kupita ku 25 kapena ku Likuni, chifukwa mtunda wake umadziwika ndipo tchaja ikhoza kukhala kumapeto kwa njira. Utsi umene amapuma amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu ku depoti ukuchokera kwa zimenezi.

Kwa anzathu zayenda chifukwa woyendetsa sagula batire. Ku Kigali kampani ya Ampersand ili ndi malo osinthira: wa njinga amasiya lotha, n'kutenga lodzaza m'mphindi zochepa, n'kulipira ngati wathira mafuta. Ku Nairobi BasiGo imapereka mabasi amagetsi, eni ake n'kumalipira molingana ndi makilomita. Gulu lanu la mabatire anayi ndi kasiteshoni kosinthira kale, ndiye mugule njinga za mtundu umodzi kuti batire lililonse lilowe pa iliyonse, ndipo mukambirane ndi masiteji oyandikana nawo asanagule zawo.

Musaiwale za malamulo. Njinga yamagetsi ya mphamvu imeneyi ndi njinga yamoto basi: kulembetsa ku Road Traffic, laisensi, inshulansi, zipewa ziwiri. Za msonkho funsani ku MRA musanalipire, akupatseni polemba. Ndipo popeza siilira, woyenda pansi pa msika wa Lizulu kapena mwana wa sukulu saimva ikubwera. Anyamata aphunzire kuchepetsa liwiro ndi kuimba hutala msanga. Batire likatopa lisatayidwe kudzala kapena kuphwanyidwa ndi ogula zitsulo. La LFP lotsala ndi 70 peresenti silikwanira kabaza koma lingayatse nyumba ya sola zaka zina, likakonzedwa ndi wodziwa.

Wapampando_A25

Zikomo kwambiri akuluakulu nonse, tamva. Tikuona kuti ndalama yathu ingakwane njinga imodzi ndi mabatire awiri, inayo ikhalebe ya petulo. Nanga tisanalipire tingadziwe bwanji kuti batire ndi la 40Ah zenizeni?

Amisiri_Kawale

Maganizo amenewo ndi abwino, mudzafananitsa mabuku a njinga ziwirizo pa msewu umodzi.

Choyamba liikeni pa sikelo. La LFP la 72V 40Ah lolemera makilogalamu 15 okha ndi labodza. Chachiwiri, pemphani kuyesa njingayo tsiku limodzi. Litchajeni lidzaze, mukwere awiri, muyende njira yanu ya masiku onse mpaka litsale 20 peresenti, mtunda muuyeze ndi GPS ya pa foni chifukwa mita za pa njingazi zina zimaonjezera. Kenako litchajeninso kudzera pa kamita ka pa soketi kowerenga mayunitsi. Kuchoka pa 20 kufika pa 100 liyenera kumwa mayunitsi pafupifupi awiri ndi theka kapena kupitirirako pang'ono. Likamwa limodzi ndi theka, mwagulitsidwa la 25Ah. Ngati BMS ili ndi Bluetooth, tsegulani pa foni muone maselo onse: batire litapuma, kusiyana kwa selo lapamwamba ndi lapansi kusapitirire 0.05V, ndipo nambala ya maulendo otchajidwa ikuuzani ngati ndi latsopanodi.

Funsaninso ngati njingayo ingayende ndi batire la kampani ina, chifukwa zina zimakhomedwa kuti controller izilankhulana ndi batire lake lokha. Pa pepala la chitsimikizo palembedwe zaka kapena makilomita, mphamvu yotsala imene akulonjeza, monga 80 peresenti pakatha zaka ziwiri, ndiponso kuti chitsimikizocho chikugwira ntchito pa njinga ya kabaza. Zambiri zimakana njinga yogwiritsidwa ntchito ya malonda, ndipo mawu amenewo amawalemba ting'onoting'ono kumapeto kwa pepala.